Mphamvu Isakhale Pamalo Amodzi

Chichewa chathuchi n'chokoma, koma pena chimaumira mawu mochititsa manyazi. Liwu limodzi chimalituma ntchito zitatu. Chimene chimayatsa babu timati mphamvu, chimene chimakoka khoka kunyanja timati mphamvu, ndipo chimene chinkakweza munthu m'Landirova masiku a chipani chimodzi, osadzaonekanso kwawo, tinkatinso mphamvu. Enid anaphunzira zimenezi Lachisanu lina la mwezi wa Juni mu 1986, pensulo ili m'manja, bambo ake omubereka ataimirira pakati pa holo ya pa boma ku Mangochi.

Enid anali taipisiti pa ofesi ya pa bomapo, ndipo tsikulo anamukhazika pa katebulo ka pakona kuti alembe maminitsi. Kunali kutabwera alendo ochokera ku likulu, amene ankazungulira m'maboma ndi nkhani ya mphamvu za dziko. Mtsogoleri wawo anali a Ambrose, injiniya wa magalasi okhuthala, amene ankangopukuta thukuta ngakhale unali mwezi wozizira. Anati mafuta ochokera kunja akwera mtengo, anthu akuchuluka, ndiye boma likufuna kusankha gwero la mphamvu limene lidalire zaka makumi awiri zikubwerazo. N'chifukwa chake, anatero, abwera kudzamva maganizo a anthu.

Kumva maganizo a anthu! Zaka zimenezo maganizo ankakhala ngati kabudula wamkati: aliyense anali naye, koma woonetsa pagulu ndiye kuti mutu wasokonekera. Anthu makumi atatu amene anaitanidwa, mafumu, aphunzitsi, amalonda ndi akuluakulu a chipani, anangodzera tiyi ndi mabanzi.

A Ambrose analemba mawu anayi pa bolodi: madzi, dzuwa, mphepo, mitengo. Za madzi anati n'kungowonjezera makina pa mathithi a mtsinje wa Shire, kumene magetsi a dziko ankachokera kale, ndipo njira yake ndi yodziwika. Za dzuwa anati magalasi ake amagulidwa kunja pa mtengo wokhetsa misozi. Za mitengo anati kudzala bulugamu n'kwabwino, koma amafuna zaka. Atafika pa mphepo anatambasula manja n'kunena kuti, "Apa tilibe manambala. Palibe amene anayezapo mphepo ya kuno." Kenaka anabwerera pa liwu loyamba lija n'kulidula mzere kunsi kawiri mpaka choko chinathyoka. Ngakhale wosadziwa kuwerenga anaona kuti nkhaniyi inaphikidwa kale ku likulu, kuno angobwera kudzapakula.

Mayi Asiatu a ku Nkope, owamba nsomba, ndi amene anayamba kutsegula pakamwa.

"Bwana, ine sukulu ayi, koma ndifunse. Magetsi anuwo awamba chambo changa? Nkhuni zatha m'mapiri umu, wallahi, tikuzilondola mpaka miyendo kutupa."

"Talemba, mayi," anatero a Ambrose.

Enid analembadi, ngakhale ankadziwa kuti palibe amene adzawerenge. Atadzutsa mutu anaona dzanja la bambo ake lili m'mwamba.

A Basil anali makaniko wopuma ntchito wa ku Malindi, munthu amene anakalambira m'mainjini a maboti, zala zake zakuda ndi girisi wosachoka ngakhale pa Pasaka. Kuseri kwa nyumba yawo anaimika mlongoti wachitsulo, pamwamba pake n'kumangirira dainamo ya lole yakale ndi mapiko atatu odulidwa ku mgolo. Mphepo ikawomba mapikowo ankazungulira, batire n'kudzaza, babu n'kuyaka pakhonde. Amene anali ndi mabatire a galimoto oimbira wailesi ankabwera kudzatchajitsa ulere, ndipo anthu omwewo akangotembenuka ankaseka kuti iyo ndi ndege ya a Basil, yolira zaka zonsezi osanyamuka. Iwo sankasamala. M'mawa, masana ndi madzulo ankawerenga singano ya mita imene anaikhomera pa mlongotipo, n'kulemba m'kope kuti mwera wawomba motere, mpoto motere, vuma motere. Makope anali khumi ndi limodzi, chaka chilichonse lake, ndipo onse anabwera nawo m'chikwama cha mlaza.

"Bwana injiniya," anatero a Basil akuika makopewo patebulo, "mwati manambala mulibe. Nawa. Zaka khumi ndi chimodzi, katatu pa tsiku. Sindinajombe ngakhale tsiku limene tinaika mayi a ana anga m'manda."

A Ambrose anatsegula kope limodzi mwaulesi, kenaka anakonza magalasi n'kutsegula lachiwiri. Enid anaona nkhope yawo ikusintha. Kwa kanthawi kochepa anaiwala kuti anatumidwa, anangokhala injiniya amene wapeza chinthu chimene wakhala akuchisowa.

"Mwezi wa Julaye umafika apa?" anafunsa, chala chili pa mzere.

"Chaka ndi chaka," anayankha a Basil. "Mwera umayamba Meyi mpaka Ogasiti, nthawi imene nyanja ikutsika. Ukaleka, dzuwa la Okutobala limalowa m'malo. Mulungu anazikonza kuti zizilandirana ngati asodzi pa nkhafi. Madzi sindikuwakana ayi. Koma taonani zimene tachita. Mphamvu yonse ya dziko lino taiika pa mtsinje umodzi. Mtsinjewo ndi wokalamba, ndipo bambo anga anauonapo utaleka kuyenda, anthu n'kumawoloka ndi miyendo. Tsiku limene udzagonenso, tonse tidzagona nawo mumdima. Mphamvu isakhale pamalo amodzi. Igawidwe, mudzi uliwonse ukhale ndi yake."

Supuni imene wina ankatakasira tiyi inaima. Palibe amene anayang'ana chithunzi chachikulu cha pakhoma cha mtsogoleri wokalamba wa dziko, ndipo kusayang'anako ndi kumene kunaulula kuti aliyense akuchiganiza. Pensulo ya Enid inali italemba kale zonse, chifukwa dzanja la mlembi limathamanga kuposa nzeru zake.

Amene anaimirira anali a Jenkins, tcheyamani wa chipani m'deralo. Iwo ndi a Basil anakulira limodzi ku Malindi, kalasi imodzi, kwaya imodzi. Mayeso akatuluka dzina la a Basil linkakhala pamwamba, la a Jenkins n'kumafunidwa cha kumunsi, ndipo zaka makumi anayi ndi khadi la chipani sizinachize bala limenelo.

"Achimwene," anatero a Jenkins mofatsa, "makutu angawa atopa. Tabwerezani. Mwati wokalamba ndani?"

"Mtsinje."

"Nanga chimene chisakhale pamalo amodzi n'chiyani?"

Khomo lothawira linalipo, lotseguka bwinobwino. Akanangoti magetsi, nkhani ikanathera pomwepo. Enid analitchula liwulo mumtima katatu ngati pemphero. Koma a Basil anali makaniko, munthu amene sangatchule sipanala ya teni kuti ndi ya thwelofu ngakhale mutamuloza ndi mfuti.

"Mphamvu," anatero. "Mphepo ikapopa madzi si magetsi. Nkhuni za mayi Asiatu si magetsi. Magetsi ndi mwana chabe wa mphamvu. Iwe Jenkins, izi tinaphunzira limodzi, kungoti unkawodzera."

Wina kumbuyo anayamba kuseka, n'kukusandutsa chifuwa msangamsanga. Bwana DC anayang'ana wotchi, n'kupempha mbusa kuti atseke ndi pemphero, ndipo pemphero lalifupi chotero silinamvekepo m'holo imeneyo. A Ambrose anatseka makope aja ngati awotcha zala, n'kuthamangira ku galimoto. Anali ndi msonkhano wina ku Namwera, ndipo anati adzabwera Lolemba kudzasaina maminitsi. Makopewo anatsala patebulo, kapu ya tiyi ili pamwamba.

Anthu atabalalika, a Jenkins anabwera pa katebulo ka Enid n'kuika dzanja lawo lolemera pa zolemba zake.

"Mwana wanga, ndine ndinakuimira pa ubatizo, ndiye sindingakunamize. Ulembe zimene anena bambo ako, liwu ndi liwu. Maminitsi amapita m'Chingerezi, si choncho? Mphamvu pa Chingerezi ndi pawa. Usandilembere enaji, ine si mwana. Lolemba naini koloko ndidzawerenga ndekha, ndipo pepala limodzi ndi la ku ofesi kwathu."

Pepalalo ankalifunadi. Chaka chapitacho ananenera mphunzitsi wina ndi pakamwa pokha, n'kupezeka kuti ndi mlamu wa munthu wamkulu, ndipo akuluakulu awo anawakalipira kuti ulendo wina adzabwere ndi cholembedwa. Mboni sakanazipeza. Anthu makumi atatu aja anagontha onse potuluka pakhomo, ndipo wina aliyense akanalumbira kuti anamva zimene zili m'maminitsi, kaya muli zotani. Choncho ufulu wa a Basil unatsala pa zala khumi za mwana wawo.

Loweruka Enid anakwera lole ya matola kupita ku Malindi, makope aja ali m'basiketi. Njira yonse ankatukwana mumtima. Anatukwana a Jenkins, anatukwana injiniya wamantha uja, koma amene anawatukwana kwambiri ndi bambo ake. Munthu wamkulu, wa imvi, wosadziwa kumene akukhala! Kodi ankaganiza kuti dziko lino ndi injini, yoti ukaiuza zoona imalira?

Asanafike n'komwe pakhomo anamva ndege ija ikulira, chifukwa mwera unali utadzuka ndi ukali. A Basil anali pa mlongoti, pensulo kukhutu, akudikira kuti singano ikhazikike.

"Wabwera nawo makope? Wachita bwino. Injiniya uja waiwala."

"Sanaiwale, ababa. Wathawa."

"Adzawafuna. Unaona maso ake?"

"Ine ndinaona maso a a Jenkins." Enid anaponya basiketi pakhonde. "Ababa, mwachita chiyani? Pa mawu onse a m'dziko muno, munasowa liwu loti magetsi? Munasowa liwu lina loti muutchule mtsinjewo, kusiya wokalamba?"

"Ndi wokalamba. Ukufuna ndiziti ndi namwali?"

"Musaseke! A Yasini a ku Namwera anangonena pamaliro kuti kwawo kuli njala. Chaka chino n'chachisanu ndi chiwiri, akazi awo sakudziwa ngati ali amasiye kapena ayi. Iwowo anangoti njala. Inu mwati mphamvu igawidwe!"

A Basil analemba nambala yawo kaye m'kope la chaka chimenecho, kenaka n'kutembenuka.

"Nkhani yake ndi yaing'ono. Ulembe enaji. Aliyense wophunzira aona kuti ndimakamba za makina."

"Ndipo a Jenkins akatenga pepalalo n'kukaliwerenga kwa akuluakulu awo m'Chichewa. Enaji ikabwerera kukhala mphamvu, wokalamba n'kukhalabe wokalamba. Ndayesa kale m'mutu, ababa, mbali zonse. Kulibe Chingerezi chimene chingakubiseni."

"Ndiye ukufuna kutani?"

"Ndikuchotsanimo. Ndilemba kuti munathokoza boma n'kukhala pansi."

A Basil anachotsa pensulo kukhutu pang'onopang'ono. Enid anawadziwa bambo ake akakwiya: sankakweza mawu, ankawatsitsa.

"Pepala lakolo ndi lokhalo likupita ku likulu. Ngati mawu anga mulibe, ndiye kuti pa nyanja ino mphepo sinawombepo. Amanga zonse pa mtsinje umodzi uja, ndipo ana ako adzakhala mumdima mwera ukusasula madenga awo. Mwina chaka chino palibe awerenge. Koma tsiku lina munthu adzatsegula failo n'kupeza kuti ku Mangochi wina ananena."

"Amene atsegule failoyo ndi apolisi, sabata yamawa! Mukufuna mukawolere m'ndende chifukwa cha mphepo? Ine ndatsala ndi ndani? Mayi anapita, achimwene ali ku Joni sakulemba n'kalata yomwe. Mukufuna ndikutaipeni ndekha, ndi zala zangazi, kuti akutengeni?"

"Iwe ndiwe mlembi, Enid. Mlembi amalemba zimene wamva. Tsiku la maliro a mayi ako kunalibe mphepo, singano inali pa ziro, ndipo ndinalemba ziro. Sindinawonjezepo kuti tsikulo lioneke lalikulu. Ukandinamizira pa pepala, ukhala wandiika m'manda ndili moyo."

Enid analira ndi ukali. Iwo anabwerera ku mlongoti wawo kukathira oilo. Lamulungu ku misa a Jenkins anaimba besi mokoma kwambiri, ndipo potuluka anamugwira Enid dzanja n'kumukumbutsa za naini koloko.

Lolemba anafika ku ofesi amesenjala akusesa. Anaika mapepala atatu ndi kaboni m'makina, n'kuyamba. Za a Ambrose zinayenda bwino, za mayi Asiatu ndi nkhuni zawo zinatenga mizere iwiri. Atafika pa bambo ake anaima.

Poyamba anataipa zoona, ndi enaji yake yomwe, monga anamuuzira. Ataziwerenga anaona Landirova itaima kale pakhomo ku Malindi, ndipo anang'amba. Kachiwiri anawadumpha, ngati sanabwere n'komwe. Koma anthu makumi atatu anawaona ataimirira, makope anali patebulo, ndipo dzenje lotere m'maminitsi likanangoitana mafunso. A Jenkins akanati mwana wabisa, bweretsani zolemba zake za pensulo. Anang'ambanso. Anakhala akuyang'ana pepala loyera mpaka anakumbukira chinthu chimodzi chimene aliyense ankachidziwa: m'dziko lonse lino munthu mmodzi yekha ndi amene ankaloledwa kunena chilichonse pamsika osamangidwa, ndiye wamisala.

Anataipa mofulumira kuti asapeze mpata woganiza. M'Chichewa mawu ake anali otere: "Mkulu wina wa ku Malindi, wodziwika ndi makina amene anthu amawatcha ndege, analankhula nthawi yaitali za mphepo ndi za mtsinje umene ankati umagona tulo. Mawu ake analibe mutu, ndipo anthu anaseka. Msonkhano unagwirizana pa madzi." Zolemba za pensulo zija anakaziponya pa mbaula imene amesenjala ankawiritsira tiyi.

Naini koloko itakwana, onse anali mu ofesi ya bwana DC. A Jenkins anawerenga ataimirira, milomo ikuyenda, ndipo atafika pa ndime ija khosi lawo linatupa.

"Izi si zimene ndinamva ine."

"Ine ndi zimene ndinamva," anatero a Ambrose msangamsanga, akupukuta thukuta. Munthu yemwe uja, amene maso ake anawala pa mzere wa Julaye!

"Inenso," anatero bwana DC, amene sankafuna kuti ku likulu amve kuti mu holo yake munalankhulidwa zoukira iye ali pampando.

A Jenkins anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. Kenaka anatembenukira kwa Enid, amene anaima pafupi ndi chitseko, ndipo nkhope yawo inayamba kumasuka pang'onopang'ono. Enid anaona kuti apeza chinthu chokoma kuposa chimene anabwerera. Munthu wa m'ndende anthu amamulemekeza chamumtima, amatsitsa mawu potchula dzina lake. Wamisala amangomuseka.

"Ndiye ukuti bambo ako mutu sukuyenda?"

Enid anagwedeza mutu movomera.

"Ayi, mwana wanga, pakamwa uli napo. Nena mokweza, amesenjala nawonso amve, kuti mawa pasadzakhale wokana."

Chitseko chinali chotsegula. Pa benchi panja panali anthu odikira zitupa, ena a ku Malindi komwe.

"Inde, a Tcheyamani. Chimwalirire mayi, mutu wawo suyenda bwino."

"Nanga makope aja?"

"Ndi zolembalemba za munthu wodwala."

"Kalanga ine," anatero a Jenkins mokweza, akupukusa mutu. "Basil mnzanga, nambala wani wa kalasi yathu. Tizimupempherera." Ndipo anatenga cholembera n'kusaina woyamba, ndi dzina lawo lonse, mwaluso.

Enid anabwerera pa makina ake. Asanakhale n'komwe, a Ambrose anamutsatira, n'kuwerama ngati akufuna kuona taipi.

"Mlongo," ananong'ona, "makope aja ndi abwino zedi. Sindinaonepo otere m'dziko muno. Koma mukumvetsa, sindingaike mu pulani manambala a munthu amene maminitsi akuti ndi wodwala."

Makina otaipira a masiku amenewo anali achitsulo, olemera ngati mwana wa ng'ombe, ndipo Enid anawagwira mbali zonse ziwiri. Akanawanyamula, bwenzi nkhani ino ili ya mtundu wina. Anangoti, "Yendani bwino, bwana," ndipo a Ambrose anayendadi, kukauza a ku likulu kuti Mangochi yasankha madzi.

Sabata yonse Landirova sinapite ku Malindi. Enid ankamvetsera galimoto iliyonse yotuluka pa boma, ndipo tsiku lililonse likatha ankadziuza kuti wachita bwino. Anachitadi bwino, ndani angatsutse? Koma nkhani inamutsogolera. Loweruka atatsika lole, mayi Lusiya a pa golosale anamugwira mkono n'kumupepesa chifukwa cha matenda a bambo, ati iwo anayamba kale kuona zizindikiro. Mayi omwewo batire yawo inkakhala pakhonde la a Basil sabata ndi sabata.

Akuyandikira kunyumba anamva kuti china chake chasowa. Mwera unali ukuwomba kuposa sabata yatha, nyanja yonse ili mbuu ndi thovu, mabwato onse ali kumtunda, mitengo ya mango ikuwerama. Koma ndege sinkalira. Atakweza maso anaona mapiko atatu aja atamangidwa ku mlongoti ndi chingwe cha khoka, akungonjenjemera.

A Basil anali pakhonde pa mpando wawo, atameta ndevu, atavala malaya ochapa, amoyo, aufulu. Kope la chaka chimenecho linali pamiyendo pawo. Nambala yomaliza inali ya Lolemba masana, ndipo kuchokera apo mizere inali yoyera.

"Takulandirani, mayi mlembi," anatero. "Mwayenda bwanji?"

Chibadwire Enid, bambo ake anali asanamutchulepo kuti inu. Anali iwe ali wakhanda, iwe atapambana mayeso, iwe sabata yathayi pomwe ankakangana. Ulemu umenewo unamupweteka kuposa khofi.

"Ababa, musandiyankhule choncho."

"Khalani pampando, mwatopa. Tamva kuti ntchito munaigwira bwino."

"Muli pano!" Enid anakuwa, osasamala oyandikana nawo. "Muli pakhonde panu, mwadya, mwasamba! Mukanakonda ndizikuyenderani m'ndende zonse za dziko lino ndi kambale ka phala, osadziwa kuti muli iti? Ndinachita chiyani choipa? Ndiuzeni liwu limene ndikanalemba! Inu odziwa sipanala iliyonse ndi dzina lake, ndiuzeni liwulo!"

A Basil anayang'ana kunyanja. Maso awo anali ofiira, ndipo Enid anaona kuti liwulo analifunafuna nawonso sabata yonse osalipeza.

"Mwapulumutsa mkulu wina wamisala wa ku Malindi," anatero potsiriza. "Akuthokoza."

"Kamasuleni mapiko aja."

"Kuti ayezere ndani? Manambala a wodwala?" Anayang'ana wotchi yawo mwachizolowezi, chifukwa inali nthawi ya masana yowerenga mita. Kenaka anatenga kope ndi pensulo n'kumupatsa Enid ndi manja awiri, ngati mmene amapatsira mlendo. "Nthawi yakwana. Lembani ndinu, mayi. Inu ndi amene mumadziwa kulemba."

Enid analanda kopelo ndi ukali n'kuzungulira kuseri. Mphepo inamuchotsa duku n'kukalikoleka pa mpanda, mchenga ukumulasa m'miyendo, mlongoti wonse ukubuula ndi mphamvu imene inalibe kolowera. Anapukuta galasi la mita ndi chala n'kudikira kuti singano ikhazikike, monga ankawaonera bambo ake kuyambira ali mtsikana. Panalibe chodikira. Singano inali itagona pa ziro.

Anapeza mzere wa Loweruka masana, anatsamiritsa kope pa mlongoti kuti mwera usalitenge, n'kulemba ziro.